Tecla, Mayi Wopeta Mchenga

Tecla Chulu anabadwa chaka cha dzombe, m'mudzi wa m'mbali mwa mtsinje wa Lupande, kuchigwa kumene ng'ombe anthu ankangoimva m'nkhani za alendo ochokera kumtunda. Sukulu anailawa masiku atatu. Tsiku lachinayi njovu zinatsekereza njira ya ku mishoni, ndipo mayi ake anati mwana wawo sangapondedwe chifukwa cha a, e, i, o, u. Maphunziro a Tecla anathera pomwepo, ndipo mwiniwake sanawalire.

Chimene anachidziwa mpaka kupitirira muyeso ndi lichero. Kupeta mkazi aliyense amapeta, koma Tecla ankapeta mokwiyitsa anzake. Ukamupatsa mpunga wosakanikirana ndi mapira, timiyala ndi timanyi ta makoswe, ankagwedeza kawiri, kuponya m'mwamba kamodzi, kugogoda kunsi ndi zala, basi chilichonse chapita kwa abale ake: mankhusu kumphepo, timiyala kumlomo kwa lichero, mpunga kufupi ndi chifuwa. Zonsezi ankachita maso ali kwina, pakamwa pali nkhani za eni. Pakakhala ukwati kapena maliro, amayi ankamusiyira dala mtondo womaliza, wa zinyalala zambiri, iwo n'kumanamizira msana.

Amene anadzamukwatira anali Fabian Zimba wa cha ku Msoro, munthu wa Sitandade Sikisi, wowonda, waukhondo, wodziwa Chingerezi cha m'buku. Anabwera kudzakhala chikamwini, monga mwa mwambo wa kuchigwa. Anabereka ana anayi, woyamba Jenny, choncho pakhomo ankaitanana kuti awisi Jenny ndi anyina Jenny. Fabian anali munthu wabwino, tisamunamizire. Sankamenya, sankagona kumowa, ndipo mwana akadwala ankamubereka yekha mpaka kuchipatala. Vuto lake linali limodzi: ankafuna anthu azimuona. Ndipo m'mudzi mwa eni, mkamwini wopanda ntchito yooneka amatumidwa ndi aliyense, makamaka ngati pali mlamu ngati Cosmas, mlongo wake wa Tecla, amene pakamwa pake panalibe chitseko.

Ukalaliki wa mu ofesi umene Fabian ankaulota sunabwere. Ntchito imene inabwera, kutatsala chaka chimodzi kuti dziko lilandire ufulu, inali ya kashembe.

Kwa inu amene simunakhaleko kuchigwa, kashembe ndi ntchentche yoluma ngati singano, imene imapha ng'ombe ndi kupatsa anthu matenda a kaodzera. Siikira mazira ngati ntchentche zinzake. Imabereka kamphutsi kamodzi pamthunzi, kamphutsiko n'kulowa mumchenga, khungu lake n'kuuma, n'kusanduka kanthu kakuda kolimba, kokulirapo pang'ono kuposa njere ya mapira. Anthu ankangoti njere za kashembe. Pakapita milungu ingapo njere ija imasweka, ntchentche yatsopano n'kutuluka. A boma ankazifuna njerezi zamoyo, kuti akaziswetse m'mabotolo kutali uko n'kumaphunzira m'mene angamugonjetsere mdaniyu. Ndiye chilimwe chilichonse ankalemba amuna aganyu, kuwapatsa kamtengo ndi kabokosi ka machesi, kuti azikafukula pansi pa zipika ndi m'mizu ya mitengo m'mitsinje youma.

Sabata yoyamba yomwe Fabian analumidwa ndi chinkhanira pachala. Kuyambira tsiku limenelo ankafukula ataimirira, ndi ndodo yaitali, nkhope atayang'ana kumbali ngati munthu wosonkhezera nkhuni zaziwisi. Anzake akabweretsa njere makumi awiri, iye zinayi, ziwiri mwa izo zili makoko chabe, eni ake atauluka kale. Kapitawo anamuuza mosabisa kuti akapanda kusintha, sabata ya mawa asavutike n'kubwera.

Tsiku lina Tecla anamupeza kumtsinje, iye akuchokera kotsuka mphale, lichero lili m'khwapa. Anaima kanthawi n'kumaonerera mwamuna wake akukanda mchenga, mpaka chisoni ndi chiseko zinamugwira nthawi imodzi.

"Awisi Jenny, nionetseniko kamene mufuna."

Fabian anatsegula kabokosi kaja. Tecla anatenga kanjere kamodzi, kukagubuduza pachikhatho kuti amve kulemera kwake, kenako n'kugwada pansi pa muzu wa bwemba. Anatapa mchenga ndi lichero. Anagwedeza, anaponya, anagogoda. Mchenga unatsikira kwake, zinyalala zinauluka pamodzi ndi makoko opanda kanthu, ndipo m'mphepete munatsala njere zisanu ndi ziwiri, zakuda, zonenepa, zonse zamoyo. Dzuwa lisanapendeke kabokosi kanali katadzaza, zina atazimanga pansonga ya chitenje.

"Koma izi zikhale za ise tiwiri chabe," anatero Fabian, akuyang'ana uku ndi uku. "Mulumbire."

"Nalumbira. Nanga nikauze ndani kuno, anyani?"

Zinayenda choncho zaka zisanu ndi chimodzi. Chilimwe chikafika awiriwo ankalawirira kuthengo, Tecla ati akukatola nkhuni, Fabian ati akumuperekeza chifukwa cha njovu poti ntchito yake ili komweko. Mudzi unkaseka kuti chikondi chotere sichibwera chokha, mkaziyo anamudyetsa kondaine, koma palibe anaganiza zopitirira apo. Mwina mufunsa kuti bwanji Fabian sanangophunzira kupeta. Simukuwadziwa anthu a kwathu. Mwamuna wopezeka ndi lichero m'manja akanasekedwa iye, ana ake ndi adzukulu ake. Ndiye Fabian ankakhala pachipika kulondera njovu ndi anthu, mkazi akupeta, kenako n'kulemba m'kabuku tsiku, malo ndi mtengo umene azipezapo. Madzulo ankapita nazo kwa kapitawo chifuwa chili patsogolo.

Anatchuka munthu. Mzungu wa kashembe, pobwerera kwawo ufulu utabwera, anamusiyira chipewa chake cha kaki. Pamowa Fabian ankauza anthu kuti iye njere amazimva fungo, ndipo ankakweza mphuno m'mwamba kuonetsa m'mene amachitira. Ngakhale Cosmas anayamba kumupatsa mpando akafika. Tecla zonsezi sizinkamupweteka. Ankamukonda munthu wakeyo, ndipo kumuona akuyenda mowongoka m'mudzi wa eni kunkamukoma kuposa kutamandidwa. Akamva za fungo zija ankangotsokomola pang'ono n'kupitiriza zimene akuchita.

M'chaka cha 1969, anthu akali kuzolowera kunena kuti Chipata m'malo mwa Fort Jameson, pamtengo wa mchenja wa pasitolo anakhomapo chipepala. Boma linali kutsegula nyumba ya kafukufuku wa tizilombo ndi matenda, ndipo nthambi yake ya kashembe imangidwa konkuno, pamsewu wa ku Mfuwe. Ankafuna anthu. Othandiza m'chipinda choyezera, a Fomu Thu. Woyendetsa galimoto. Mlonda. Ndipo pansi penipeni, wotola njere mmodzi, ntchito yokhazikika, ya nyumba ya malata ndi penshoni, satifiketi yosafunika.

Fabian anawerengera anthu chipepalacho katatu, m'Chingerezi ndi m'Chinyanja, ngakhale amene sanamupemphe. Anafika kunyumba mapazi asakugunda pansi. Paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Mzere womaliza, umene anaulumpha chifukwa cha chimwemwe, anauona mawa lake: ofuna ntchito yotola adzayesedwa pamchenga, aliyense payekha, akuluakulu akuona.

Tsiku limenelo Fabian sanadye.

Tecla nayenso mtima unali m'mwamba. Ntchitoyo ankaifuna, osati pang'ono. Ganyu wa chilimwe anali kutha, poti ofesi yatsopano ikhala ndi wotola wakewake. Ikawaphonya, Fabian abwerera kukhala mkamwini wotumidwa ndi ana omwe, ndipo Jenny, amene aphunzitsi ankati akhoza kupita kusekondale ku Chipata, akhala pakhomo kumapeta ngati mayi ake. Kupeta si koipa, koma Tecla ankaona kuti pabanja limodzi katswiri mmodzi akwanira.

Nkhanga zinapangana kusanapse. Nzeru anabweretsa ndi Tecla, ndipo tinene poyera kuti sinali nzeru yokaulula kutchalitchi.

"Mayeso ni pa Mande, si tero? Pa Chiweru tiyende tikapete. Muike m'kabokosi, kabokosi m'thumba la jekete. Pofukula paja muziponya imozi-imozi, muzitola imozi-imozi."

"Nanga akaniona?"

"Zaka sikisi mudzi wonse sunaone, aone mlendo wa tsiku limozi?"

Anakapeta Loweruka, njere zosankha, zonenepa zokhazokha. Lolemba Fabian anavala jekete ndi chipewa cha kaki n'kukakhala pasitolo. Akuluakulu sanabwere. Lachiwiri sanabwere. Kunamveka kuti galimoto yawo yathyoka chitsulo potsika phiri, ndipo chitsulo china chichokera ku Lusaka. Masiku asanu ndi anayi Fabian anavala jekete lija m'dzuwa la Okutobala, lija loti ngakhale abuluzi amabisala, kabokosi kali pachifuwa kakufunda bwinobwino. Tecla anamuuza kuti njere zakalamba, akapete zatsopano. Koma panthawiyi amuna onse ofuna ntchito ankamutsata Fabian kulikonse, ngakhale akapatukira kuthengo pa zifukwa zake, pofuna kuona kumene mphuno yake imaloza. Kupita kumtsinje ndi mkazi ndi lichero kunali kudzipereka.

Lachitatu la sabata yachiwiri galimoto inafika itayera ndi fumbi. Munatuluka a Onesmus Daka, bwana wa nthambi yatsopanoyo, munthu wa kumtunda amene anakaphunzira za tizilombo kunja kwa dziko, wovala magalasi, kabudula ndi masokosi ofika m'mawondo. Poti ofesi inali isanafoleredwe, anaika tebulo pansi pa mchenja womwe uja. Mudzi wonse unakhala chapatali kuonerera, pakuti kwathu mayeso a munthu mmodzi ndi chisangalalo cha onse. Tecla anakhala pakati pa amayi amene anali kuchokera kumtsinje, lichero lake atalitsamiritsa pamwendo.

Mafunso a pakamwa Fabian anawayankha mokoma. Chingerezi chinkatuluka ngati madzi a m'mpopi, a Daka akugwedeza mutu, kalaliki akulemba. Tecla sankamva liwu ndi limodzi lomwe koma ankanyadira. Kenako anaona kanthu. Pathumba la jekete la mwamuna wake panatuluka kachilombo kotuwa, kofewa, mapiko ali okwinyika ngati nsalu yotuluka mumtsuko. Kanakwera pang'onopang'ono kulunjika kukolala. Pambuyo pake panatuluka kena. Kabokosi kaja kanali kakale, kobooka pakona.

Tecla anatseka maso. Atawatsegula, a Daka anali atasiya kulankhula.

"A Zimba, musagwedezeke." Anatambasula dzanja n'kukatola kachilombo kaja mwaulemu, ngati akutola mwana wa nkhunda. Anakayang'ana pafupi. "Uyu wabadwa lomba apa. Mapiko akalibe kuuma. Muli na chani m'thumba?"

Fabian anatulutsa kabokosi. A Daka anakhuthulira njere papepala n'kuzisanthula ndi cholembera.

"Fifite-thu. Mwakolola mukalibe kulima?"

Anthu anaseka, koma a Daka sanaseke. Anatola njere imodzi, kuiyang'ana kudzuwa, kutola ina.

"Zonse zamoyo. Palibe khoko, palibe yoswedwa na kamtengo. Ine zaka zonse nikalibe kuonapo zosankhidwa tere. Munthu amene anatola izi ndiye nifuna. Ngati ndimwe, tiyeni kumchenga munionetse, za m'thumba tiiwale."

Mudzi wonse unatsikira ku Lupande, agalu omwe. Amuna ena asanu anayesedwa poyamba, aliyense ola limodzi. Wina anapeza khumi ndi zisanu, wina khumi ndi zitatu. Kenako Fabian anavula jekete n'kugwada pamchenga, koyamba chilumidwire ndi chinkhanira chija. Anafukula ndi mtima wonse, thukuta likugwera pansi. Kangapo konse anakweza mphuno m'mwamba, mwina poganiza kuti bodza ukalinena zaka zambiri limayamba kugwira ntchito. Ola litatha anapereka zitatu. Imodzi inali yamoyo, ina khoko, yachitatu a Daka anaifinya n'kupeza kuti ndi manyi a mbawala.

Apa nkhope ya bwana inasintha.

"A Zimba, ine sinikonda kunamizidwa kawiri tsiku limozi. Izi fifite-thu simunatole ndimwe. Njere zambiri tere zili malo amozi chabe, m'bokosi la boma kwa kapitawo, limene liyembekeza motoka. Munatenga m'menemo?"

Fabian anawerama.

"Nifunsanso. Katundu wa boma si wosewera nao. Mukakhala chete, niitana mesenjala, nkhani ikathere ku boma. Munaba?"

Fabian sanadzutse mutu. Ngakhale Cosmas anatseka pakamwa. Tecla anamuyang'ana mwamuna wake, khosi lake lowonda, mawondo odzaza mchenga, ndipo anazindikira chinthu chimodzi: munthuyu wasankha. Alola kutchedwa mbala, alola chingwe m'manja, kusiyana n'kunena pamaso pa alamu ake kuti zaka zonsezi amadya za lichero la mkazi. Mkwiyo unamugwira Tecla, chisoni chinamugwiranso, ndipo anakumbukira lumbiro lija. Nzeru ya kabokosi inali yake. Akakhala chete, bambo wa ana ake amangidwa chifukwa cha iye. Akalankhula, amuvula pagulu.

Anadzuka, n'kumangitsa chitenje.

"Abwana, amuna anga si akawalala."

"Nanga imwe ndimwe ndani, amayi?"

"Ndine anyina Jenny," anatero Tecla, ngati kuti dzinalo likudziwika mpaka ku Lusaka.

Sanapite pamene amuna aja ankafukula. Anayenda pang'ono kukwera mtsinje, maso ali pansi, mpaka pamene gombe linadyeka n'kusiya mizu ya mvunguti ili pamtunda, pamthunzi wosachoka ngakhale masana. Anagwada, anakhudza mchenga ndi kuseri kwa dzanja, n'kutapa. Anagwedeza, anaponya, anagogoda. Anapereka lichero kwa bwana ndi manja awiri, maso ali kumbali.

Zinali zisanu ndi zinayi.

A Daka anavula magalasi, kuwapukuta, kuwavalanso. "Chitaninso." Tecla anachitanso. "Chitaninso, pang'onopang'ono, nione pamene makoko achokera." Bwana uja ananjuta pamchenga, masokosi ake oyera kuwaiwala, akufunsa mafunso ngati mwana: chifukwa chiyani pano osati apo, amadziwa bwanji kuti mchenga uwu wauma mokwanira, chala chija chimagogoda pati. Tecla ankayankha mwachidule. Zinthu zimenezi palibe anali atamufunsapo chibadwire, ndipo anadabwa kupeza kuti mayankho ali nawo. Pasanathe theka la ola papepala panali njere zoposa za amuna onse aja kuphatikiza.

Ndi pamene Cosmas anapeza pakamwa pake.

"Alamu! Kansi mphuno ija inali ya mlongo wanga!"

Mtsinje wonse unaphulika. Amayi ankagwirana mapewa, amuna ankamenya mchenga ndi zikhatho, ena akukweza mphuno m'mwamba n'kumanunkhiza. Fabian anatola jekete lake, anakutumula mawondo, n'kukwera gombe yekha osacheuka. Tecla anamuona akupita, ndipo kukoma konse kwa mafunso aja kunamuthera m'kamwa.

"Amayi, ntchito ni yanu," anatero a Daka.

"Ine sinidziwa kulemba, abwana."

"Kashembe naye sadziwa kuwerenga. Zolemba tili nao anthu." Anafunsa kalaliki fomu, n'kuyendetsa chala pamizere. Chala chinaima. "Koma pali kamozi. Apa akuti mkazi wapabanja abweretse kalata ya mwamuna wake yovomera, yosainidwa. Mzere umozi chabe ukwana. Motoka inyamuka pa Chisanu, eyiti koloko. Kalata ikapanda kubwera, nilemba uja wa fifitini, sininganyamule fomu yosakwana."

Onani m'mene dziko limasekera anthu. Ntchito yonse inatsalira m'dzanja la munthu mmodzi, yemweyo amene Tecla anali atangomuvula pamaso pa mudzi.

Kunyumba anapeza Fabian atakhala kuseri kwa nkhokwe. Tecla anagwada chapatali.

"Awisi Jenny, naphwanya lumbiro, nivomera. Koma sininafune kuti akumangeni."

Fabian anatembenukira kumbali. Za kalata anali atamva kale, poti nkhani kwathu imafika pakhomo mwini wake akali m'njira, koma sanazitchule, ndipo Tecla analibe nkhope yoti azitchule.

Lachinayi linali lalitali. Fabian sanatuluke pabwalo. Ana a m'mudzi ankadutsa kumpanda akununkhiza m'mwamba, Jenny n'kumawathamangitsa ndi tsache. Chakumasana Cosmas anabwera, nkhope ili yofewa pang'ono, poti anali atazindikira kuti nyumba ya malata ikhoza kuthawa chifukwa cha nthabwala yake.

"Mlongo wanga, osavutika. Ticha wa pa mishoni angalembe kalata, ise tisaine dzina la alamu. Bwana adziwa bwanji?"

"Za m'thumba zanikwana, Cosmas. Kalata ya amuna anga alemba amuna anga. Akakana, yakanika." Ananyamula munsi, osati kuti amumenye, koma Cosmas sanadikire kuti adziwe.

Dzuwa litapendeka, Tecla analowa m'nyumba n'kupeza Fabian watsitsa sutikesi yake pamtanda, akuipukuta fumbi. Akulu anati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka, ndipo Tecla anali ataonapo amuna akubwerera kwawo pa zifukwa zochepa kuposa izi. Anatuluka mwakachetechete n'kukakhala pamtondo. Apa za malata ndi penshoni zinamuchoka m'mutu. Ankangoganiza za munthu wowonda uja akuyenda yekha njira ya ku Msoro, sutikesi ili pamutu, ndipo analira mosatulutsa mawu kuti ana asamve.

Lachisanu m'mawa Tecla anali kusesa pabwalo pamene kumsewu kunamveka galimoto ikutsokomola, dalaivala akuitenthetsa. Fabian anali pakhonde, sutikesi ili pamiyendo ngati tebulo. M'menemo ndi m'mene ankasungamo mapepala ake abwino, amene anagula kalekale kuti adzalembere makalata ofunsira ukalaliki. Anali akuuzira inki kuti iume.

"Anyina Jenny, bwerani."

Tecla anabwera, tsache lili m'manja. Pepala linali lodzaza kuyambira pamwamba mpaka pansi. Anachita mantha, pakuti kalata yaitali chotere, m'maganizo mwake, inali yosudzulana.

"Abwana anati mzere umozi chabe. Zonse izi ni zachani?"

"Khalani pansi, nikuwerengereni. Nalemba m'Chizungu, koma nimasulira." Anakonza kukhosi. "Ine Fabian Zimba nivomera kuti mkazi wanga Tecla Chulu agwire ntchito ya boma yotola njere za kashembe." Anaima. "Zimene anafuna zathera apa."

"Nanga kunsiko?"

Fabian sanamuyang'ane. Anawerenga maso ali papepala.

"Pa fomu yanu, bwana, pali pamene mufunsa zaka zimene munthu wagwira ntchito imeneyi. Musalembe kuti Tecla Chulu ni watsopano. Wagwira zaka sikisi. Njere zonse zimene zinalembedwa m'dzina langa kuyambira 1963 anatola ni Tecla Chulu, na lichero lake, ndipo malo onse anasankha ni iye. Naphatikiza kabuku kanga kakhale umboni. Mukamuika pa malipiro a munthu woyamba kumene, mwamulakwira. Ine pa zaka zonsezi n'nali kulondera njovu."

Anapinda pepalalo pakati, kenako analitambasulanso, posadziwa chochita ndi manja.

"Kalata iyi nikapereka nekha, bwana awerenge anthu akumva. Kavaleni chitenje chabwino."

Tecla sanadzuke. Anaika tsache pansi, anapukuta manja pachitenje, n'kulandira pepala lija ndi manja awiri. Kwa iye zilembo zonse zinali nyerere zofanana. Anayang'ana pamwamba, anayang'ana pansi, misozi ikumulepheretsa kuona bwino.

"Nionetseni pamene pali dzina langa."

Fabian analoza ndi chala. Anatsitsa chala n'kulozanso, kenako analozanso kachitatu. Tecla anali ndi zaka zoposa makumi atatu ndi ana anayi, ndipo aka kanali koyamba kuliona dzina lake litalembedwa. Anaika chala chake pamene panali cha mwamuna wake n'kulitsata pang'onopang'ono kuyambira kumayambiriro mpaka kumapeto.

Kumsewu galimoto inaliza hutala. Fabian anaimirira n'kuvala jekete, koma Tecla anali akali pa dzina loyamba.